Mzere Umene Unatsala

"Pepala ili likutani m'chikwama mwanu?"

Ndinaliika patebulo pakati pa makapu. Akazi anga anali akusita bulauzi ya kuntchito, ndipo sanatembenuke.

"Inuyo mumafuna chiyani m'chikwama mwanga?"

"Makiyi a kushopu. Koma ndapeza izi. Musandizembe, ndiyankheni."

Linali pepala la ku fakitale ya mipando kumene akazi anga amayang'anira za ogwira ntchito: kulemba anthu, kusunga mafayilo, tchuthi, makalata a chenjezo, zonsezo. Anthu akumeneko amawatcha Mayi Mafomu. Pamwamba pa pepalalo panalembedwa kuti onse ocheka matabwa aphunzitsidwa kagwiritsidwe ka makina, aona ndi maso awo kuti chotchinga cha sowo yochekera matabwayo chilipo, ndipo alonjeza kuti sadzachichotsa. Deti lake linali la miyezi inayi yapitayo. Aliyense anali atasainira pa dzina lake. Mzere umodzi wokha ndi umene unatsala, wa mng'ono wanga.

Mng'ono wangayo anali pasofa pomwepo, dzanja lamanja lili m'bandeji. Panali patapita masabata awiri chimudulireni sowo yomweyo zala zinayi, n'kumusiyira kakang'ono kokha. Amayi anali atabwera kudzamusamalira, ndipo anakhala pakhomo ndi ulusi ndi singano, makutu ali tcheru.

"Abwana andipatsa kuti ndibwere nalo," akazi anga anatero. "Mwaona kuti sindinamusainitse."

"Simunamusainitse, koma mwalinyamula. Munthu sanyamula mpeni ngati alibe choti acheke. Maphunziro amenewa anachitika liti?"

Anatembenuza bulauzi ija n'kuyamba kusita mkono wina.

"Iwe Kalaliki," ndinafunsa mng'ono wanga. Timamutcha choncho chifukwa cha malembedwe ake, ndipo chikwangwani cha pashopu panga analemba ndi iye. "Unaphunzitsidwapo? Chotchinga unachionapo?"

"Chotchinga chili kusitolo, achimwene. Anachichotsa kalekale, akuti chimachedwetsa matabwa."

"Mwamva? Ndiye akasaina apa, ndiye kuti wavomera kuti anachichotsa yekha. Wadzidula yekha. A ku leba, a boma oona za antchito, akabwera adzati mlandu ndi wake, chipepeso palibe, apite kwawo. Ndikunama?"

"Simukunama," anatero akazi anga.

"Nanga mwalibweretseranji?"

"Chifukwa ndikanalisiya akanatuma wina. Bambo, ine ndili pakati. Kuno ndine mlamu wake, uko ndine wantchito."

"Mapanga awiri avumbwitsa, mwana wanga," anatero amayi osakweza mutu.

Akazi anga anazimitsa ayironi, n'kupinda pepalalo bwinobwino, n'kulibweza m'chikwama. Chimene chinandiwawa n'chakuti analipinda mosamala ngati chinthu chimene adzachifunebe.

Ine ntchito yanga ndi yometa, ndipo wometa amamva zonse. Munthu ukamukulunga nsalu m'khosi pakamwa pamamasuka. Loweruka lomwelo kunabwera wina wa kufakitale kuja, amene timamutcha Wamtali. Iyeyu nsonga ya chala chake chapakati inatsala pa sowo yomweyo chaka chatha.

"Akulu, akazi anu atigwiritsa cholembera," anatero ndikumuchepetsa m'mbali. "Amatiitana mmodzimmodzi mu ofesi. Pepala patebulo, abwana ataima pawindo ngati akuona mvula."

"Akazi anga anati chiyani?"

"Anangoti sainani apa. Maso ali pansi."

"Inu n'kusaina?"

"Nanga ana adya pepala? Woyendera wa ku leba akubwera mwezi uno, ndiye akufuna zonse zioneke zoyera. Koma za sowo ija ndinakuuzani kale chaka chatha, pampando pompano."

"Weramani, ndingakuduleni khutu," ndinatero.

Kuyambira tsiku limenelo ndinayamba kuwayang'ana akazi anga ndi diso lina. Zaka khumi ndi ziwiri tili limodzi, koma ndinayamba kuona zinthu. Foni ikalira ankapita nayo kuseri kwa nyumba. Lolemba anatsika m'galimoto ya abwana awo pakona, osati pakhomo, ngati kuti ine ndilibe maso. Lachiwiri ndinapeza kalata ina m'chikwama muja, inde ndinasecha, musandifunse, yonena kuti kuyambira mwezi wamawa adzakhala mkulu wa ofesi yonse.

"Zabwino zonse," ndinawauza madzulo akutsuka mbale. "Ndamva kuti mwakwezedwa."

"Mwasechanso."

"Zaka zisanu ndi ziwiri osakukwezani. Zala za mng'ono wanga zangoduka, basi aona kuti mumagwira ntchito bwino. Galu wamkota sakandira pachabe."

"Kalatayo sindinaipemphe."

"Koma simunaikane."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, manja akudontha thovu. Ndinkadikira kuti alire kapena andilalatire, ndikanadziwa pamene ndaima. Sanachite chilichonse mwa ziwirizi. Anangobwerera ku mbale zawo, ndipo mtima wanga unapsa kuposa kale.

Lachitatu masana mwana wa aneba anathamangira kushopu kudzandiuza kuti kunyumba kwaima galimoto. Ndinasiya munthu ndevu zili theka. Ndinapeza mwini fakitale atakhala pampando wanga, mimba ili pamaondo, jumbo ya malalanje ili patebulo. Akazi anga anali ataima pafupi ndi kabati, fayilo ili pachifuwa.

"Achimwene ake, bwerani," anatero ngati nyumbayo ndi yake. "Ndabwera kudzaona mwana wanga. Ine antchito anga ndi ana anga."

"Masabata atatu, lero ndiye mwakumbukira mwana?"

"Bambo," akazi anga anatero chapansipansi.

Bwanayo anaseka. "Asiyeni, ndi ululu. Ine ndabwera ndi nkhani yabwino. Mnyamatayu kumakina sangabwererenso, tonse tikudziwa. Koma ndikufuna munthu pageti, wolemba magalimoto olowa ndi otuluka. Ntchito yokhala pansi, mpaka ukalamba. Mankhwala ndilipira ine. Kangotsala n'kapepala aka, kongokonza mafayilo."

"Nanga akapanda kusaina?"

"Ndiye kuti nkhani yapita ku maofesi. Mukudziwa kumeneko, lero bwerani mawa, mawa fayilo yasowa. Zaka zitatu munthu ali pakhomo. Ndipo a ku leba akanditsekera makina, anthu makumi atatu akhala pansi, kuphatikizapo mayi awa. Ine ndingalakwe, koma ana awo alakwa chiyani?"

Amayi anasendeza mpando. Ndinaona pankhope pawo kuti nyambo yalowa.

"Fodya wako ndi amene ali pamphuno," anatero. "Wamkulu iwe, za maofesi wazionapo zikutha? Zala zapita, madzi akatayika saoleka. Bola akhale ndi pogwira."

"Amayi, chikomekome cha nkuyu m'kati muli nyerere. Woyendera akangochoka, geti imeneyo idzafuna munthu wa manja awiri. Lonjezo limeneli lalembedwa pati? Alembe kaye."

"Mawu anga ndi okwanira," anatero bwanayo.

Mng'ono wanga anakweza maso n'kuyang'ana mlamu wake, pakuti ndi amene anamulowetsa ntchito, ndipo ankawakhulupirira kuposa ine.

"Alamu, inu mukuti bwanji?"

Akazi anga anatsegula fayilo, n'kuyala pepala lija patebulo, n'kuchotsa chivindikiro cha cholembera.

"Ine sindingakuuzeni, alamu. Mzere wanu ndi uwu."

Ndikanakhala munthu womenya, tsiku limenelo ndikanagona kupolisi. Mng'ono wanga anatenga cholembera ndi dzanja lamanzere. Chinamupulumuka, n'kugwa pansi, amayi n'kumutolera. Anachigwira ngati mwana amene wayamba kumene sukulu, lilime lili pakona ya mlomo. Munthu amene siginecha yake inali ndi mchira wopiringizika ngati ya mkulu wa banki analemba tizilembo togwera uku ndi uku, kena kutuluka mumzere. Thukuta linali kamukamu. Bwanayo sanayang'ane n'komwe, anali akusenda lalanje limene anabweretsa yekha.

Galimoto itachoka ndinawauza akazi anga pamaso pa amayi.

"Mwagulitsa mlamu wanu ndi mpando wozungulira."

Iwo anali akuyang'ana pansi pamene cholembera chija chinagwera.

Sabata yonse sitinalankhulane. Madzi osamba ndinkadzitungira ndekha. Malalanje aja anaolera patebulo, palibe anawakhudza kupatula amayi, amene anadya limodzi n'kunena kuti chakudya chilibe mlandu. Mng'ono wanga ndinkamumanga mabatani a malaya m'mawa uliwonse, ndipo batani lililonse linkandikumbutsa nkhope ya akazi anga akuchotsa chivindikiro cha cholembera. Ndinafika poganiza kuti mwina iwo ndi bwanayo pali zina. Ndikuchita manyazi kunena, koma ndinaganiza.

Lachinayi la sabata inayo kunabwera uthenga kuti woyendera wafika ndipo akufuna kuona wovulalayo. Ndinatseka shopu n'kumuperekeza.

Fakitale ija sindinaizindikire. Utuchi wonse unali utasesedwa. Aliyense anali mu ovolosi yatsopano, mizere yopindira ikuonekabe pamsana. Magalasi otchinga maso, zotseka m'makutu, zina mitengo yake isanamatulidwe. Pakhoma panapachikidwa chozimira moto chimene ndinachizindikira, ndi cha pagalaja yoyandikana ndi shopu yanga. Ndipo pa sowo ija, chotchinga chili nga, chopakidwa penti yachikasu. Wamtali atandiona anayang'ana kumbali.

Woyenderayo anali mayi wamfupi wa imvi, magalasi atapachika pachingwe m'khosi. Tinamupeza mu ofesi ya bwana akumwa tiyi ndi mabisiketi, akuseka nkhani za mpira. Ndinati basi, uyunso wadya kale. Khoswe akakhala pamkhate sapheka.

"Ndionetseni umboni wa maphunziro," anatero atapukuta pakamwa.

"Mayi, bweretsani pepala lija," anatero bwanayo.

Akazi anga analowa. Anaika pepala lija patebulo. Kenako anaika pambali pake buku lalikulu lakuda, lothaitha m'makona, limene palibe anawatuma. Linali buku limene antchito amasaina m'mawa uliwonse akamalowa. Analitsegula pamene anaikapo kapepala, n'kubwerera m'mbuyo.

"Bukulo n'lachiyani?" anafunsa bwanayo.

"Kuti aone amene analipo tsiku la maphunzirolo," anatero akazi anga.

Woyendera anavala magalasi. Anayendetsa chala pa pepala, kenako m'buku, dzina ndi dzina. Atafika pa mng'ono wanga chala chinaima. Ndinasuzumira. M'bukumo, pa deti lomwelo, panali siginecha ija ya mchira wopiringizika, yokongola ngati yosindikiza. Pa pepala panali tizilembo tija ta mwana wa sukulu. Anatsegula masamba ena, kutsogolo, m'mbuyo. Paliponse mchira uli pomwepo, mpaka tsiku la ngozi.

"Bambo, mumalembera dzanja liti?"

"Ndinkalembera lamanja."

"Tsiku la maphunziroli, miyezi inayi yapitayo, dzanja lamanja linali bwino?"

"Linali bwino."

"Ndiye m'mawa munasaina ndi lamanja, masana n'kusaina ndi lamanzere?"

Mng'ono wanga anayang'ana bwana, n'kuyang'ana ine, n'kuyang'ana bandeji yake. Bwanayo anatsokomola.

"Mwina anali atatopa. Anyamatawa amasaina mwachisawawa."

"Anasainira kunyumba kwanga, Lachitatu la sabata yatha," anatero akazi anga. Mawu awo anali aang'ono koma aliyense anamva. "Enawo ndinawasainitsa ine mu ofesi, ngozi itachitika kale. Pepalalo ndinalitayipa ndine, deti ndinaikapo ndine. Maphunziro sanachitike. Chotchinga achibwezera dzulo."

"Mayi, mukudziwa kuti mukudziika nokha pamlandu?" anafunsa woyendera.

"Ndikudziwa."

Bwanayo anadzuka, nkhope itatupa. Anayamba za njoka imene anaiweta yekha, za anthu osayamika. Woyendera anakankhira kumbali kapu ya tiyi ija, n'kutulutsa mafomu ake, n'kupempha kuti amuitanire antchito mmodzimmodzi, bwanayo atatuluka. Woyamba kulowa anali Wamtali, atakweza chala chake chija ngati tikiti. Ndinali nditamunamizira mayi uja, tiyi anamwadi koma maso sanagulitse.

Makina anawatseka masiku khumi. Ngozi ya mng'ono wanga inalembedwa kuti ndi mlandu wa fakitale, ndipo nkhani ya chipepeso chake ikuyenda, pang'onopang'ono monga mwa maofesi, koma ikuyenda. Za geti zija sizinamvekenso. Akazi anga sanawachotse ntchito, bwanayo ndi wochenjera, akudziwa kuti lamulo lingamugwire. Anangowalanda makiyi a mafayilo n'kuwasamutsira m'kachipinda kosungira vanishi, kopanda windo. Amapita m'mawa, kukhala, kubwera madzulo mutu ukuwawa. Akudikira kuti atope okha. Antchito ena sawapatsa moni, akuti anawagonetsa ndi njala masiku khumi.

Lamlungu lotsatira ndinatulutsa mpando pakhonde kuti ndimete mng'ono wanga. Amayi anali atapita kukaona wodwala. Akazi anga anakhala pasitepe akuchotsa zingwe pansapato za mwana wathu. Mtima wanga unali utafewa, koma kachikayiko kanali kakadalipo, ndipo ine sinditha kusunga kanthu m'mimba.

"Tandiuzeni zoona," ndinatero. "Munakonza dala kuyambira pachiyambi? Munamusiya asaine chifukwa mumadziwa kuti siginecha idzamugwiritsa bwanayo?"

Ndinkafuna ayankhe kuti inde. Ndikanawapepesa pomwepo, ndi kukauza aliyense kushopu kuti ndinakwatira mkazi wanzeru.

"Ayi," anatero. "Sindinakonze. Tsiku lija ndinkafuna asaine. Ndinkaopa ntchito, ndipo mpando uja ndinkaufuna. Munanena zoona."

Ndinazimitsa makina ometera.

"Nanga bukulo?"

"Nditaona mmene anagwirira cholembera, tulo tinandithawa. M'mawa mwake ndinatsegula buku lija kuti ndione dzina lake mmene linkakhalira. Ndinaliona tsamba ndi tsamba. Ngakhale tsiku la woyendera ndinaima nalo pakhomo, osadziwa ngati ndilowa nalo." Anaika nsapato pansi. "Ndipo pali china. Tsiku limene ndinkamulemba ntchito ndinkadziwa kuti sowo ija ilibe chotchinga. Ndinalembapo kalata kawiri, abwana n'kundikalipira, ine n'kuziika m'dirowa. Ndinadziwa, n'kumutumabe kumeneko."

Ndinatsegula pakamwa kuti ndiwauze mawu amene sakanawaiwala, koma mng'ono wanga ananditsogolera. Analankhula ali chiweramire, nsalu ili m'khosi.

"Alamu anakana katatu kundilemba, achimwene. Anakuuzani kuti makinawo si abwino. Inu munati mlamu wotani womana m'bale ntchito, mpaka munakhala sabata osadya zophika iwo. Ndipo tsiku limene Wamtali ankakuonetsani chala chake kushopu, ine ndinalipo, ndinkasesa tsitsi. Munamuuza kuti tsoka silinunkha."

Palibe chimene ananama. Ndinkakumbukira zonse, ngakhale malaya amene Wamtali anavala. Masabata onsewa ndinasecha chikwama, foni, nkhope za anthu, kufunafuna amene anagulitsa mng'ono wanga, koma pampando wanga wometera sindinayang'anepo.

"Inenso ndinkaiona sowoyo tsiku lililonse," anapitiriza. "Ndiye musawatukwane. Malizani kumeta, mbali iyi yatsala."

Ndinayatsa makina. Dzanja langa, limene lameta anthu zaka makumi awiri osatema ndi mmodzi yemwe, linkanjenjemera, ndipo ndinamuboola kachigamba pamwamba pa khutu. Akazi anga anadzuka, n'kutenga makinawo m'manja mwanga, n'kundigwirira mpaka dzanja litakhazikika. Nditamaliza ndinamuvula nsalu, n'kumukutumula tsitsi paphewa, n'kugwada kuti ndimumange batani la pamkono limene linali litamasuka.